Mpiru wa Kuseri kwa Mzikiti

Ndinauza wapampando wa komiti ya mzikiti kuti bambo anga mutu sukuyenda bwino, iwo ali pomwepo.

Bambo anali atazula kapinga kuseri kwa mzikiti wathu ku Khombedza, n'kukumba kangalande kuti madzi amene timasamba tisanaswali azithirira mpiru ndi therere. Chilimwe chonse ndiwozo zinali zobiriwira, osatunga ndi ndowa imodzi yomwe.

"Wawononga kapinga ndani, alendo akubwera?" anafunsa wapampandoyo.

Ndinaopa kutaya kantchito kanga ka ukalaliki. "Akhululukireni, bwana. Ndi ukalamba, asokonezeka."

Bambo anandiyang'ana, khasu lili m'manja. "Wanena zoona, mwanawe," anatero motsitsa mawu.

Sanapondenso kudimbako. Loweruka achinyamata akukazula mpiruwo, ndipo wapampando wasankha ine kuti ndikawatsogolere.