Khofi wa Nthanga wa a Khudair

A Khudair, bambo a Raad, anali ophika uchi wa tende ku Abu al-Khasib kuno, ngati mmene ankachitira bambo awo. Ankawiritsa zipatso za kanjedzazo m'mapoto aakulu, kuzifinya, madziwo n'kuwaphitsa mpaka atalimba. Uchi wawo tinkaukonda, koma eni akewo tinkawaseka chifukwa cha kuumira. Zofinya zotsala ankadyetsa njati zawo zoweta, makwawule a kanjedza ankasonkhezera moto, ndipo nthanga za tende ankazikazinga n'kusinja kuti azimwa m'malo mogula khofi. Mlendo akamwa, ankachita tsinya n'kutsanzika msanga.

Chaka china kunabwera anthu a bungwe lochokera ku Baghdad, kudzatiphunzitsa kusataya kanthu. Atalawa khofi uja, mayi wowatsogolera anatsokomola, kenako anawomba m'manja.

"Bambo awa ndi chitsanzo cha dziko lonse!"

"Chitsanzo cha chiyani?" anafunsa akazi awo, a Sabiha. "Awa ngakhale utsi amaumva chisoni ukamatuluka."

A bungwewo anawajambula a Khudair, nawapatsa satifiketi. Pasanathe nthawi, masitolo a ku Basra anayamba kuitanitsa khofi wa nthanga m'timapaketi tokongola, ndipo anthu ophunzira ankaumwa mopirira poti akuteteza chilengedwe. Nthanga zinayamba kuchepa. A Khudair anaona kuti kuphika uchi kukuwachedwetsa, choncho anayamba kugula tende wambiri, kuchotsa nthanga, mnofu n'kumauunjika kuseri kwa mpanda. Njati zinadya mpaka kutsegula m'mimba. Ntchentche za mudzi wonse zinasamukira kwawo.

"Bambo a Raad, mwapenga? Mukutaya chakudya kuti mupeze zinyalala?" anafunsa a Sabiha.

"Mayi, musamati zinyalala. Satifiketi ija simunaiwerenge?"

M'mawa mwake a Sabiha anatsuka mapoto amene anayamba kuchita dzimbiri, namatenga mnofu uja usanafike kuseri, n'kumaphika okha uchi.

A bungwe atabweranso, anawapeza mayiwo ali thukuta kamukamu pamoto.

"Mukuphika chiyani, amayi?"

"Zimene amuna anga amataya."

Mayi wotsogolera uja anagwira pamtima. "Tamvani anzanga! Kuchokera ku zotsala za khofi, amayi awa atulukira chakudya chatsopano!"

Ife tonse tinalipo, ndipo palibe anatsegula pakamwa kunena kuti chakudyacho tinakulira chomwecho. A bungwewo anawatengera a Sabiha ku msonkhano waukulu mumzinda, kumene anafotokoza mofatsa mmene amawiritsira tende, anthu ovala masuti akulemba.

A Khudair zinawapweteka kwambiri. Anakhala masiku angapo akudandaula kuti nzeru yawo yabedwa m'nyumba mwawo momwe. Lero banjali limagwira ntchito pabwalo limodzi, chingwe choyanikira zovala chili pakati ngati malire. Tende akafika, amakhala moyang'anana n'kumamusenda, ndipo alendo akafunsa, aliyense amaloza mnzake kuti ndiye amatola zotaya zake.