Chilombo cha Kunyumba Kwathu

Ndinkafuna kuti mwana wanga wamkazi asataye Chichewa, ndiye Loweruka ndinkamuikira mafilimu achimwenye omasuliridwa aja, omwe tinkaonera ku vidiyo tili ana. Ine ndimakonda a zilombo.

Tsiku lina aphunzitsi a ku nasale, konkuno ku Barking, m'dziko la eni lino, anandiitanira pambali. Mwanayo anali atawauza kuti kwathu kuli chilombo chodya anthu, ndipo amayi amaseka chikamadya. Kuno mawu oterowo amabweretsa a sosholo, a boma oona za ana, pakhomo, ndipo angathe kukulanda mwana.

Ndinawaonetsa aphunzitsiwo filimu ya chilombocho pafoni. Anamwetulira, komabe analemba kenakake.

M'basi ndinamugwira mwanayo dzanja mwamphamvu. Anandiyang'ana nati, m'Chichewa chenicheni, "Mami, musaope, ndi filimu chabe."

Palibe anabwera. Koma mpaka lero belu likalira pakhomo, mtima umangoti myuu.