Tsiku Limene Sugden Anadzichotsa Yekha

"Ndiye wakutuma ndani? Woyimbira manja ali m'thumba, iwe uyo thabwa m'khwapa, ngati amako akuitanira tiyi."

Anali Len Ogden, mphunzitsi wa timu ya kiriketi ya chigawo chawo, akukalipa m'chipinda chovalira. Neville Sugden anangokhala pabenchi, akumasula zotchingira miyendo. Mpira unali utakhudza m'mphepete mwa thabwa lake lomenyera pang'ono chabe, wowakha wakumbuyo n'kuugwira m'mwamba, ndipo mwalamulo womenya akagwidwa chotero amachoka. Woyimbira masewero sanamve kanthu. Koma Neville anaumva m'zala, ndipo anachoka yekha pabwalo, atatsala pang'ono kukwanitsa mapointi zana.

Zana limenelo ndiye linali ntchito yake. Akomiti ya kalabu anali atanena kuti akalipeza m'masewero omalizawa amusunga chaka chamawa.

Neville anakulira m'kamudzi ka migodi ya malasha kumpoto kwa England. Bambo ake ankakumba pansi sabata yonse, Loweruka n'kusewera m'timu ya m'mudzi, ndipo ankati munthu akadziwa kuti wagwidwa sadikira kuti woyimbira akweze chala chomuchotsa. Tsiku lina ali mwana Neville anaima dala ngati sakudziwa. Bambowo anamusiya abwerere kunyumba wapansi.

Kalabu inamutenga asanamere ndevu. Kuyambira pamenepo ndiye ankatumizidwa kukayamba kumenya, m'mawa wozizira, mitambo ili pansi, mpira watsopano ukudumphira kumaso. Zala zinathyoka n'kupola zokhota. Nyengo ya masewero ikatha ankasenza migolo ya mowa pafakitale. Chipewa chaulemu, chimene kalabu imaveka wosewera amene yamuvomera kuti ndi mwana wapakhomo, sichinamufike. Anachiveka mnyamata wa ku yunivesite amene anali asanatayepo ndi chikhadabo chomwe. Akomiti omwewo, pamadyerero a chaka chilichonse, ankaimirira matambula a vinyo ali m'manja kutama chilungamo cha masewerowa, nyemba zili pandevu.

Mkazi wake Glenda sanamunyengerere. Anamuwerengera onse amene amaima njii atagwidwa poyera, ndipo onsewo anali ndi zipewa.

"Chilungamo chakocho, Nev, tikazinge kapena tiphike?"

Lolemba wapampando wa kalabu anaitanira Neville kuofesi. Anamugwira chanza nthawi yaitali, anati zimene anachita zija anthu azizikamba mpaka kalekale, kalabu ikunyadira. Kenako anati timu ikufuna anyamata anthete.

"Ndikanaba, bwana, mukanandisunga?"

Wapampando anayang'ana pawindo n'kuyamba kukamba za udzu wapabwalo.

Neville anatuluka. Sanadziwe wolusira weniweni: mdala wa tayi uja, kapena bambo ake ali kumanda, kapena miyendo yake imene inanyamuka mutu usanaganize. Chimene chinamuwawa koposa n'chakuti ankadziwa kuti zitachitikanso akanachokabe.

Panjira anaima pamene mlamu wake Barry ankafolera nyumba. Barry anali pamwamba pa makwerero, misomali ili kukamwa.

"A katswiri! Kuno ukaphonya sitikuombera m'manja, umagwa basi. Ubwere mawa udzayambe ntchito."

Neville sanaseke. Anatsika ndi msewu kukalowa m'sitolo ya zitsulo, kumene anayesa magolovesi antchito mpaka kupeza olowa zala zokhotazo. Wogulitsa anafunsa ngati si iye uja womenya mpira. Anati ayi. Anawapinda, n'kuwaika m'thumba la jekete, ulendo wa kunyumba.