Kabotolo ka Anthu Khumi

Katemera wa mliri wa chimfine chija atafika ku Mzuzu, woyamba kuvala nsapato anali bambo a kunyumba kwanga. Anali kalipentala, ankakhoma zitseko ndi mipando kuseri kwa nyumba yathu ku Chibavi, ndipo ankadwala shuga. Pawailesi analengeza kuti boma lapeza ndalama, katemera ndi waulere, komanso kuti odwala shuga ndi amene nthendayo ikuwatenga msanga. Iwo anazimitsa wailesi n'kunena kuti, "Mayi, chaulere cha boma sichichedwa kutha. Tiyeni."

Tinapita pakachipatala ka kufupi ndi kwathu. Ine ndinkayesa tikapeza mzere wofika kumsewu, koma pabenchi panali bambo wina wa kabaza ndi mayi wogulitsa makala, basi. Mlangizi wa zaumoyo, mtsikana waulemu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anatilonjera kuti, "Monire adada, monire amama." Kenako anatifotokozera kuti kabotolo kamodzi ndi ka anthu khumi, ndipo kakatsegulidwa sikagona, mankhwala otsala amatayidwa. Anatipempha kuti tidikire ena abwere. Tinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Wa kabaza anatopa n'kupita kukasaka okwera, ifenso tinabwerera mikono ili yosabaya.

Sindimuda mwana uja. Mabotolo anali ochepa, ndipo iye ankasamala za anthu ena amene sindikuwadziwa.

Ndinaona kuti ngati vuto ndi anthu, anthu ndiwapeza ndine. Ndinayamba ndi amayi anzanga a kumapemphero a Lachinayi. Tinkapempherera limodzi odwala, ndiye ndinkati sizivuta. Mmodzi anati katemerayo ndi chizindikiro cha chilombo. Wina anati amaumitsa magazi. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, amene tinkabwerekana mchere ndi moto, anabwera yekha pakhomo pathu bambo akupala thabwa.

"Yayi adada, musapiteko," anatero. "Akuti ukabayitsa sudutsa zaka ziwiri."

"Ndiye kuti boma likundilonjeza zaka ziwiri?" bambo anayankha osaimitsa ntchito. "Shugayu sanandilonjeze n'chimodzi chomwe."

"Komanso akuti munthu sabereka."

"Amama, taonani imvizi. Mukufuna ndiberekenso ndani?"

Tinaseka tonse, mnzangayo mpaka kugwira chitseko. Koma kukabayitsa sanapite.

Tinabwerera kukachipatala kaja ulendo wina. Tsiku limenelo anthu anali pafupi kukwana, koma kunayamba kamvula kathu ka ku Mzuzu, kowaza kosaleka, ndipo ena anathawira kukaanula zovala. Pobwerera bambo anandifunditsa jekete lawo. Ndinapitiriza kuyenda khomo ndi khomo, mpaka ku Salisbury Lines kwa mlamu wanga. Madzulo ndinkagwada n'kunena kuti, Ambuye, simunasowe anthu odzaza ukwati wa m'fanizo uja, ine ndikungopempha odzaza benchi.

Kuzizira kutafika, bambo anayamba kutsokomola. Kuno nyengo yozizira aliyense amatsokomola, ngakhale abusa paguwa, choncho sitinadabwe. Ndinawathyolera masamba a bulugamu, anafukiza atafunda bulangeti, m'mawa anati apezako bwino.

Sabata yomweyo anthu anga anakwana: mlamu ndi akazi awo, mayi wa makala uja, anyamata amene ankagula matabwa kwa bambo, ndi ife awiri. Ndinayenda patsogolo ngati ndikutsogolera kwaya. Mlangizi atationa anamwetulira, maso okha kuonekera pamwamba pa masiki, n'kuyamba kutiyeza kutentha pachipumi mmodzimmodzi. Atafika pa bambo anayeza, anayezanso, kenako anayang'ana pansi.

"Adada, thupi latentha chomene. Munthu akadwala sitimubaya. Mupite kuchipatala chachikulu akakuyezeni lero lomwe."

Ndinaona ena ayamba kuyang'ana kuchipata. Bambo anatsokomola n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine undiwerengere pomwepo, utsegule. Mayi awa ayenda mokwana."

Anatsegula. Pondibaya, bambo anaima chapatali atandinyamulira chikwama, akundiseka kuti ndatsinzina ngati mwana wa kusikelo. Onse atatha, ndinaona timankhwala tatsalira pansi pa kabotolo. Timeneto tinali ta bambo.

Kuchipatala chachikulu anawagoneka tsiku lomwelo. Sankalola olondera odwala kulowa. Ndinkasiya phala pachipata, n'kukhala pansi pa mtengo ndikuyang'ana mawindo, osadziwa kuti lawo ndi liti. Namwino wina wachifundo anandiimbira foni kamodzi n'kuwaikira kukhutu. Mawu awo ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. Anandifunsa ngati mkono wasiya kuwawa. Ndinati wasiya. Anati, "Yewo," kutanthauza kuti zikomo. Mawu omaliza amene ndinawamva ndi amenewo, achilankhulo cha eni dera, pomwe ife tonse kwathu ndi ku Ntcheu.

Sitinawatengere kumudzi. Sitinagone pamaliro, sindinawasambitse, ngakhale nkhope sindinaione. Munthu amene anakhomera anthu ambiri a mu Chibavi mabokosi abwino anapita m'bokosi la mmisiri wosamudziwa. Amayi anzanga anaima kunja kwa mpanda motalikirana n'kuimba nyimbo imodzi. Ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa nthawi imeneyo ngakhale kuima pampanda kunkafuna mtima.

Nthawi yobayitsa kachiwiri itakwana sindinkafuna kupita. Mwana wanga anati, "Amayi, adadi akanakukokani." Ndinavala jekete lawo lija n'kunyamuka. Nditakhota pakona ndinapeza mzere wafika kumsewu. Amayi a Lachinayi analipo, wa kabaza analipo, ndi ena ambiri osawadziwa. Mnzanga woyandikana naye nyumba anali kutsogolo, atakwinya kale dzanja la bulauzi. Atandiona anatuluka pamzere, anandigwira dzanja n'kundiimika pamalo pake.

Ndimayamika Mulungu kuti anthu onse aja ali moyo, ndipo ndimayamika ndi mtima woona. Koma tsiku limenelo ndinaona mlangizi akutsegula kabotolo, kutha, n'kutsegula kena, osadzutsa mutu kuti awerenge anthu, ndipo ndinalira mpaka masiki kunyowa. Iye anayesa ndikuopa jakisoni. Atandizindikira anaika thonje pansi, n'kudikira kuti nditonthole.