Mwana Wopanda Nambala

Ku Chawama, komboni yathu, tsiku lotsekera sukulu, mwana safunsidwa ngati wadya. Amafunsidwa nambala. Ukangotulukira pakona ndi yunifolomu, amayi ogulitsa tomato, anyamata ometa tsitsi, ngakhale munthu amene sunamuonepo chibadwire, onse funso ndi limodzi: "Wankala nambala chani?" Anzanga ankayankha. Wina wani, wina teni, wina ankangoyang'ana pansi, koma nayenso nambala yake anali nayo, yonenepa bwino. Ine ndinalibe.

Sukulu yathu inali ya tchalitchi, m'holo momwe tinkapemphereramo Lamlungu. Ndinalowamo ndikuyamwabe chala, ndinatulukamo ndili mtsikana wamkulu, osaonapo mphunzitsi ataima pabolodi. Aliyense anali ndi kadesiki kake koyang'ana kukhoma, thabwa uku thabwa uku, ndipo tinkakatchula kuti ofesi. Inde, ine ofesi ndinakhala nayo mano a ubwana asanaguluke. M'mawa tikapemphera, aliyense ankadzilembera yekha masamba amene achite tsikulo m'timabuku take. Zikakuvuta sunkaitana, unkaimika kambendera pamwamba pa ofesi n'kudikira a madamu kuti abwere kudzakunong'oneza. Ukamaliza kabuku unkalemba mayeso ake. Ukakhoza ankakumatira nyenyezi pakhoma la ofesi yako, ukalephera unkakayambiranso. Panalibe wodikira mnzake, panalibenso wothamangitsidwa. A madamu ankati Mulungu saumba ana ngati njerwa za m'chikombole chimodzi. Mawu abwino ndithu, koma sungapite nawo kunsolo.

Kunsoloko n'kumene kunali vuto langa. Atate anali owotcherera zitsulo, ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu. Sukulu iwo anailekera panjira ali aang'ono, agogo atamwalira, ndipo nkhaniyo kunyumba sinkakambidwa. Magetsi akathima, ndipo ankathimadi, atate ankavula magalasi akuda aja n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango pamene azibambo ankasewera nsolo. Ine ndinkawapititsira madzi akumwa. Tsiku lotsekera sukulu miyala inkayenda pang'onopang'ono, chifukwa bambo aliyense anali ndi nambala ya mwana wake yoti alengeze. Atate ankangokhala chete, maso ali pa maenje. Zinkandipweteka kwambiri. Ndinkati munthu wamkulu ngati uyu, wopinda chitsulo ndi manja, akusowa chonena pagulu chifukwa cha ine.

Woyambitsa nkhani nthawi zonse anali bambo wina wamtali, mlonda wa kumafakitale, amene anakulira limodzi ndi atate ku Petauke. Tinkawatcha ba ankolo ngakhale panalibe ubale.

"Bwela kuno, iwe wa mu ofesi," anandiitana tsiku lina. "Wankala nambala chani?"

"Kwatu kulibe manambala, ba ankolo."

"Nanga uli mu giredi bwanji?"

"Masamu nili kusogolo, Chizungu nili pakati, sayansi nikali kumbuyo."

"Iyee! Mwana umozi, magiredi yatatu! Iyi minibasi iyenda ku Matero na ku Kanyama pamozi!"

Azibambo anaseka mpaka wina kutsamwa. Atate anangotola miyala yawo n'kupitiriza kusewera. Ine ndinabwerera kunyumba nditalumbira kuti nambala ndiipeza, ngakhale yochita kudzipangira ndekha.

Kuti ukhale nambala wani pamafunika munthu woti umupose. Ndinasankha mtsikana wa mu ofesi yoyandikana ndi yanga, msinkhu wanga, mwana wa a dikoni, wofatsa mochititsa ulesi. Iye sanadziwe kuti walowa mpikisano. Ndinkatchera khutu kuthabwa, ndipo ndikamva tsamba lake likutembenuka, nanenso ndinkatembenuza langa, kaya ndamaliza kaya ayi. Popita kuchimbudzi ndinkadutsa kumbuyo kwake mwakachetechete, diso lili pa nyenyezi zake. Kambendera kanga ndinakabisa, chifukwa nambala wani safunsa. Kake kankakhala m'mwamba tsiku lonse, ndipo ndinkamumvera chisoni.

M'mawa wina a madamu anaona masamba amene ndinadzilembera.

"Aya mapeji yonse uzakwanisa?"

"Nizakwanisa, ba madamu."

"Utamangila kuti? Kuli basi ikusiya?"

Ndinangotsegula kabuku kanga. Akanadziwa chiyani za kunsolo?

Kabuku ka masamu ogawa ndiko kanandigwetsa. Ndinalephera, ndinakayambiranso, ndinalepheranso. Kabuku kalikonse kanali ndi vesi loloweza, ndipo la m'kabuku kameneka linali lonena za kudzikuza. Vesi limenelo ndinaliloweza kuposa mwana aliyense pasukulupo, chifukwa ndinakhala nalo dzinja lonse, madzi atadzaza m'tinjira, ndikupita kusukulu nsapato zili kumanja kukakumana ndi masamba omwe aja. Choipitsitsa chinachitika pa nthawi yopuma. Mdani wanga anandinyemera chitumbuwa chake, anandigwira dzanja, n'kupemphera kuti Ambuye atsegule mutu wanga, ine mlongo wake, pa masamu. Ndinati ameni ndikukukuta mano. Chitumbuwacho ndinadya.

Kambendera ndinakatulutsa, poti njala ya nyenyezi inandikulira, koma mpikisano sindinausiye. Zaka zinapita ndikumvetsera thabwa. Tili m'timabuku ta kusekondale, banja la a dikoni linasamukira ku Kitwe. Mtsikanayo anandikumbatira akulira, nati sadzapezanso mnzake wapamtima ngati ine. Nanenso ndinalira zenizeni, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti misozi ina inali ya chikondi kapena ya kuti ndinali nditatsala pang'ono kumupitirira.

Anzathu ena a msinkhu wanga makolo anawasamutsira kusukulu za boma, ena anali akadali m'mbuyo ndi timabuku tawo. Choncho chaka chimene ndinatseka kabuku komaliza, womaliza sukulu ndinali ine ndekha. A madamu atandiuza, mutu wanga wa masamu uja, umene unapemphereredwa, unagwira ntchito mwachangu. Ngati uli wekha, ndiwe nambala wani. Kuti ndiwenso womalizira, zimenezo sindinafune kuzikumba.

M'mawa wa tsiku la mwambo ndinapeza atate akupukuta nsapato pakhomo.

"Batate, lelo mukakambe kunsolo ati nambala wani. Si boza. Nili neka."

Anandiyang'ana pang'ono n'kubwerera kunsapato.

Maofesi anawakankhira kukhoma ngati Lamlungu. Kwaya inaimba, holo inadzaza. Gauni linali lobwereka, lalitali, lokolopa pansi. Abusa atanena kuti onse omaliza maphunziro aimirire, ndinaimirira n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali ena ochedwa. Amayi anaimba nthungululu zokwanira kalasi yathunthu. Zonsezo ndinkaziona ngati zoyambirira chabe. Mwambo weniweni unali pansi pa mtengo wa mango.

Gauni sindinavule. Dzuwa linali loswa mtengo, thukuta likuyenderera kumsana, koma ndinayenda pambali pa atate mpaka kunsolo, chipewa cha makona chili pamutu. Magetsi anali atathima, choncho azibambo onse analipo.

"Aha!" anafuula ba ankolo. "Lelo ndiye lelo. Nambala chani?"

Ndinawagunda atate ndi chigongono. Iwo anakhala panjerwa yawo ya masiku onse, anakweza buluku pamaondo, n'kunena kuti, "Wasiliza."

Ndinadikira. Kuti ndatsiriza sukulu basi, nambala osaitchula. Ndinakwiya koopsa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwasakira nambala imeneyi, lero ndawaikira m'manja, iwo akuitaya!

"Batate, kambani!" ndinanong'ona, koma mokweza moti onse anamva.

Ba ankolo anaseka. "Ngati ni wani, watengela awa batate bako. Ku Petauke enze nambala wani temu iliyonse. Ise tenze chabe kumuchila."

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinayang'ana atate kuti atsutse, koma sanatsutse. Anatola miyala, anaigwedeza m'dzanja lawo la zipsera za moto lija.

"Nenze wani, ee," anatero. "Nambala nenze nayo. Manje ili kuti?" Analoza ine ndi chibwano. "Uyu wasiliza."

Panalibe amene anaseka. Ndinaima pamenepo m'gauni la eni ake, thukuta lili kamukamu, manyazi atandigwira. Zaka zonse zija ndinkaona atate ali chete pamene anzawo akutchula manambala, ndipo sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti mwina akukumbuka yawo. Ndinkati ngakhale kukhala chete kwa munthu wamkulu kuyenera kukhala kokhudza ine. Vesi lija ndinaliloweza ndithu, koma zikuoneka kuti linangothera pakamwa.

Posakhalitsa ana anafuula m'komboni monse kuti malaiti yabwela. Masiku onse atate akamva zimenezo ankasiya masewera pakati n'kuthamangira kumakina, chifukwa geti la munthu silidikira. Tsiku limenelo sanadzuke. Anandikokera njerwa ina kuti ndikhale pambali pawo, ndipo aliyense wodutsa pamsewu, amayi a tomato, kondakitala wa minibasi, ngakhale anthu osawadziwa, ankamuitana, n'kundiloza, n'kumuuza mawu amodzi omwe aja.