Disembala wa Amalume

Amalume anapita ku Joni ine ndisanabadwe, ndipo chaka chilichonse ankalonjeza kuti abwerera ku Mangochi Disembala. Tinkawaseka kuti Disembala wawoyo akubwera wapansi. Nditabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni, ku Geelhoutpark, ndinawapeza atasiya zamgodi, akukhala m'kachipinda ku Kroondal. Mapazi anali otupa moti nsapato ankangoziponda kuchidendene.

Ndinachita kuwakoka kuti tipite kuchipatala ku Rustenburg. Dokotala anawapaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo, mtima wawo n'kuonekera pa kanema, wotuwa, ukutseguka ndi kutseka mwaulesi. Unkamvekanso, fwa, fwa. Mpaka lero ndikamachapa zovala phokoso limenelo limandibwerera, ndipo ndimachita mantha.

Dokotala atayeza anati mtimawo ukupopa magazi ochepa, ndipo kwa munthu wamkulu chonchi ndi chizindikiro choti ukhoza kulephera osati kale.

"Ufunse ngati ndingafike kwathu," anatero amalume.

Ndinafunsa. Dokotala anati ulendo wautali ayende panopa, mphamvu zikadalipo.

Tonse tinkadziwa chomwe ankaopa. Ife Asilamu maliro sitigoneka. Pomwe wafera, ndi pomwe ukagone.

Koma tchona salowa m'mudzi chimanjamanja. Amalume anayamba kugula mabulangete, mapoto, nsapato za ana oti sanawaonepo. Chikwama chikadzaza ankakumbukira wachibale wina.

"Amalume, kwerani basi! Anthu akufuna inuyo, osati mapoto!" ndinakalipa tsiku lina.

"Hayikona, mwanawe. Mlongo wanga ndikamuonekere bwanji opanda nsalu? Ndipita Disembala, Mulungu akalola."

Anayankhula zimenezo akupumira m'mwamba, atakhalira chikwama chomwecho. Ndinatuluka panja kuti asaone misozi.

Anamwalira nyengo yotentha, mvula isanagwe, m'mawa akumanga chikwama ndi chingwe. Dzuwa lisanalowe azibambo a kumzikiti anali atawasambitsa n'kuwanyamula. Ife akazi sitipita kumanda. Ndinaima pachipata ndi amayi ena, galimoto yonyamula maliro n'kukhota kuseri kwa mulu wa dothi la mgodi.

Katundu yense ndinatumiza pa basi, ndipo anafika bwinobwino, osasowa ngakhale supuni. Amayi anga analandira nsalu yawo. Tsopano akaimba foni safunsa za ine. Amafunsa ngati mlongo wawo anagona pamthunzi kapena padzuwa, ngati pafupi pali Amalawi anzake. Ndimawauza zoona, kuti sindidziwa.