Tsiku limene ambulansi inapatukira ngolo

Pa msika wa salaula, zovala zakale zija, ku Chipata kafunseni za Yotamu wa majekete, adzakuuzani kuti munthu ameneyo sasuntha. Ndikatchula mtengo ndatchula. Wogula amachoka atakwiya, amazungulira msika wonse, n'kubweranso kudzandipeza ndili pomwepo ndikutokosa m'mano. Luso limeneli sindinalitenge kusukulu, poti kumeneko ndinkangopita kukaonetsa nkhope. Ndinaliphunzira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, kutsogolo kwa ng'ombe za amalume anga a Gelesomu, kwathu ku Zingalume. Iwo ankati pa malonda ndi pa msewu lamulo ndi limodzi: woyamba kusuntha ndiye wagonja. Analumbiranso pamaso panga kuti tsiku lina ambulansi idzapatukira ngolo yawo. Anthu anawaseka, koma inapatukadi, ndinaona ndi maso angawa.

M'midzi ya kutsidya kwa dambo ngolo inali ya amalume yokha. Ntchito yanga inali kuyenda patsogolo nditagwira chingwe cha ng'ombe ziwiri, Kaputeni ndi Sajeni, iwo ali pamwamba pa katundu ndi chikwapu chimene ankangochiliza m'mwamba. Kumene ndakokera chingwe ndi kumene ngolo inkapita, choncho ndinkadziyesa dalaivala, ngakhale kabudula wanga anali ndi mawindo awiri kumbuyo.

Msewu wopita ku boma la Chadiza unkadutsa pa dambo lalitali. Anaunjikapo dothi ndi miyala, njira n'kukhala yokwana galimoto imodzi basi, uku matope uku matope. Malo opatukira analipo amodzi, pa chulu chachikulu cha mbali ya kwathu. Ukapitirira chulu walowa, ndipo ngolo yolemera siibwerera m'mbuyo.

Kupatuka tinkakudziwa masiku amenewo. Chipani chinali chimodzi, ndipo galimoto ya bwanamkubwa ikamveka patali aliyense ankalowa m'tchire ndi njinga yake. Woiwala ankakumbutsidwa ndi anyamata a chipani, ndipo sankaiwalanso.

Dzinja lina tili pakati pa dambo ndi matumba a feteleza, kumbuyo kunatulukira ambulansi, Landirova yoyera ya mtanda wofiira, ikulira ngati galu wogwidwa pa msampha. Amalume sanachedwe. Anati ndikokere kumbali msanga, muli munthu umo. Ndinakoka. Gudumu la kumanzere linatitimira, ngolo inapendama, goli linapotokola ng'ombe, ndipo ndinamva mwendo wa Sajeni ukuthyoka ngati nthambi youma. Feteleza anasungunukira m'madzi tikuona. Ambulansi inadzipanikiza n'kudutsa, kutimwaza matope, ndipo dalaivala wake, amene tinkamutcha Magalasi chifukwa cha magalasi akuda amene sankavula, sanacheuke n'komwe.

Amalume anayang'ana ng'ombe yawo ikupuma movutika, anati palibe kanthu, moyo wa munthu uposa ng'ombe. Anandituma pa sukulu ya kutsidya kukaitana anthu odzatithandiza. Kumeneko ndinaipeza ambulansi ija itaima pa mthunzi, zitseko za kumbuyo zili pululu, anyamata a chipani akutsitsa mipando, makireti a mowa ndi mbuzi yomanga miyendo, za msonkhano wolandira alendo akuluakulu. Mwa zonse zimene zinatuluka m'menemo, mbuzi yokhayo ndiyo inkaoneka yodwala.

Sajeni tinamupha. Amalume anakadandaula kwa tcheyamani wa chipani, amene anayamba wawafunsa khadi la chipani, kenaka anawauza kuti chitukuko chimafuna nsembe, ndipo pomaliza anafunsa ngati chiwindi chatsalako. Atabwerako ndi pamene analumbira lumbiro lija, ataima pa khomo la khola, ndipo ine ndinavomereza ndi mtima wonse.

Dzinja lotsatira Kaputeni tinali titamumanga ndi kang'ombe kamantha dzina lake Bulaki. Tsiku limenelo tinanyamula njerwa za tchalitchi. Tisanafike pa chulu, kulira kuja kunamveka kumbuyo. Ndinacheuka, ndipo amalume anati, "Yang'ana kutsogolo, mphwanga. Ng'ombe zathu sizinapite kusukulu, saireni siziidziwa."

Ndisakunamizeni, zinandikoma. Ndinachepetsa mwendo, n'kumayenda ngati mkwati wotuluka m'tchalitchi. Chulu chinafika kumanzere kwanga, malo ali mbee okwana ngolo ziwiri, ine n'kupitirira chingwe chili chowongoka. Titalowa m'dambo Magalasi analiza hutala mpaka Bulaki kuyamba kunjenjemera. Kenaka anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, patukani! Muli wodwala muno."

Amalume sanatembenuke. "Wodwala wa chaka chatha uja anachira? Uja wa nyanga?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinkaganiza kale za mmene ndikafotokozere anzanga ku khola la ng'ombe madzulo ake.

Hutala inasiya. Ndinamva chitseko chikumenyetsedwa, kenaka munthu akuvutika m'matope m'mbali mwa ngolo. Anali mayi wachikulire, a Nabanda a mudzi wa kuseri kwa wathu. Sanaime pa amalume. Anabwera kwa ine, poti chingwe chinali m'manja mwanga. Chitenje chawo chinali chonyowa, manja ali ofiira mpaka m'zigongono, ndipo fungo lake ndimalimvabe ndikadutsa pa butchala. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Mwanawe, mwana wanga akutha magazi umo."

Wodwalayo anali Esinati, mtsikana amene anakwatiwa chaka chapitacho. Mwana anali atabadwa m'mawa kumudzi, koma magazi osaleka.

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti chulu chija tachisiya kutali. Amalume analumpha pansi. Anafuna kuigwetsera m'dambo ngoloyo, koma ndi kulemera kwa njerwa ikanagwa chopingasa n'kutseka njira yonse. Anayamba kuponya njerwa m'madzi, Magalasi naye n'kutsika kudzaponya nawo, anthu awiri odana akugwira ntchito imodzi osayang'anana. Kenaka amalume anakwapula Kaputeni, ng'ombe imene sanaikhudzepo ndi chikwapu chibadwire. Bulaki anasokonezeka, ankakokera kwake. Ine ndinkathamanga patsogolo chingwe chikundisupula m'manja, ndikulira, ndikutukwana ng'ombe zosalakwa. Koma ng'ombe ilibe giya. Dambo limene ndinkaoloka ndikuimba mluzu tsiku limenelo linakana kutha. Titafika kutsidya ndinakokera m'tchire, ambulansi inadutsa, ndipo tinatsala awiri tikumva kulira kwake kukuzimirira.

Esinati anamwalira atangofika kuchipatala. Khanda linapulumuka. Ena ankati ngakhale njira ikanakhala yotsegula sakanachira, poti ambulansiyo inachedwa kale kunyamuka, mafuta atathera maulendo a misonkhano. Mwina zinali zoona. Ine ndagulitsa majekete obooka kwa anthu ochenjera kundiposa, koma mawu amenewa ndayesa kudzigulitsa ndekha zaka zonsezi, wogula akukana.

Ambulansi sinyamula maliro, ndipo ngolo m'dera lonse inali imodzi. M'mawa mwake mlongo wawo wa a Nabanda anafika pakhomo, anakhala pansi, anapereka moni wonse monga mwa mwambo, n'kupempha ngolo yokatenga thupi. Amalume anawafunsa ngati akudziwa amene anatseka njira dzulo.

"Tikudziwa, a Gelesomu. Koma ngolo ina kulibe."

Pobwerera tinamanga nthambi zaziwisi m'mbali mwa ngolo, kuti aliyense adziwe chimene tanyamula. Amalume sanakwere, ankayenda pambuyo pamodzi ndi anamfedwa. Njira yonse inali yathu. Apanjinga ankatsika n'kuvula zipewa. Azimayi ankatula mitolo ya nkhuni n'kugwada m'mbali mwa msewu. Ngakhale anyamata a chipani amene ankatchinga njira ndi mtengo kufunsa makhadi anaukweza mtengowo osafunsa kanthu. Palibe amene tinamupempha, palibe hutala imene tinaliza.

Tili pakati pa dambo, kutsogolo kunatulukira Landirova yoyera ija, ikuchokera kumidzi, nyali yosayatsa, yosalira. Ndinaima. Galimotoyo inaimanso. Kenaka inayamba kubwerera chambuyo, pang'onopang'ono, njira yonse yopapatiza ija mpaka pa chulu, n'kulowa pambali, injini n'kuzima. Pamene tinkadutsa, Magalasi anali ataima panja, magalasi ali m'manja. Aka kanali koyamba kuona maso ake. Anali maso wamba, ofiira ngati a amalume.

Lumbiro linakwana pamenepo, koma amalume sanalitchulenso mpaka imfa yawo. Kuchokera tsiku limenelo tikafika pa chulu ankandiuza kuti ndiime, iwo n'kutchera khutu nthawi yaitali, ngakhale kukulira njiwa zokha.

Masiku ano ndimakwera minibasi ndi mabelo anga, ndipo saireni ikalira kumbuyo ndimamva madalaivala akunena zomwe zija, kuti mulibe munthu umo, akuthamangira nkhomaliro. Ena amaithamangira pambuyo kuti adutsire pa njira imene yatsegulidwa. Sindingawatsutse kuti ambulansi sinamizira, poti mbuzi ija ndinaiona ndine. Komabe ndimamugwira paphewa dalaivala n'kumuuza kuti lowa kumanzere, ima, idutse, ndipo uime pamene malo alipo, usadikire pothina. Ngati muli mbuzi, wataya kamphindi ndipo tchimo ndi lawo. Amandiseka, amati madala osasuntha aja lero akuphunzitsa anthu kusuntha. Chimene chimandiwawa n'chakuti ife timadziwa kupatukira wamkulu chifukwa cha mantha, ndi wakufa chifukwa cha ulemu, koma amene akupumabe timayamba tanenerera naye.

Khanda lija linakula, ndi bambo wa ana tsopano, ndipo nyengo yozizira ikafika amabwera pa benchi langa kudzasankha jekete. Sadziwa kuti ndine yani. Ndi munthu yekhayo pa msika wonse amene ndimamutsitsira mtengo asanatsegule pakamwa, ndipo amachoka akumwetulira, akukauza anzake kuti Yotamu wa majekete ndi wofewa, iye anamugonjetsa. Amalume anati ambulansi idzawapatukira, ndipo inabwerera chambuyo mpaka pa chulu anthu akuona. Inu odziwa malonda tandiuzani, pa dambo paja anapambana ndani?